Akatsokomola Bambo, Wopalamula Wadziwika

Adokotala atachotsa ng'ala m'diso la amuna awo, anaitanira Mayi Telala pambali n'kuwapatsa malamulo ngati akuwapatsa khanda. Bambowa asawerame, asanyamule zolemera, asatikite diso. Magalasi awo akale ntchito yake yatha, ndipo atsopano adzayezedwa diso likapola. Mpaka nthawi imeneyo, za kuwerenga aziiwale.

"Lipola liti?" anafunsa bambowo ali pampando, bandeji ili kumaso.

"Masabata angapo. Dekhani, akulu."

Mayi Telala atangomva mawu oti asawerenge, anadziwa kuti m'nyumba mwalowa njoka. Amuna awo anagwira ntchito yoyeza malo mpaka imvi zinadzaza mutu, ndipo chipumireni pantchito, chimene chinkawasunga osasokoneza anthu ndi mabuku. Osati mabuku alionse ayi, koma nkhani zakalekale za atekitivi, anthu ofufuza milandu aja amene amayang'ana phulusa pansi n'kudziwa amene anapha munthu. Mabukuwo anadzaza shelefu yonse ya pabalaza, mapepala achikasu, ena omatamata ndi selotepi. Mayi Telala anali asanatsegulepo ngakhale limodzi. Chawo chinali kuwapukuta fumbi.

Masiku oyamba bambowo anadandaula ndi chilichonse. Tiyi watentha. Tiyi wazizira. Wotchi ya pakhoma ikuchita phokoso dala. Tsiku lina Mayi Telala atabwerako ku shopu yawo yosoka zovala anawapeza atawerama patebulo, mphuno ili pabuku, akuyesa kuwerenga ndi galasi lokulitsa zinthu limene ankaonera mapu.

"Inu Bambo! Mukufuna tibwererenso kuchipatala?"

"Ndimangoona ngati tsamba lake lilipo."

"Lipita kuti tsambalo? Lili ndi miyendo?"

Mwana wawo wamkazi, chitsiriza, amene ankagwira ntchito mu ofesi m'tauni, ndiye anabwera ndi nzeru. Anafika Loweruka ndi foni yake yakale komanso kasipika kakang'ono ngati sopo.

"Adadi, umu ndaikamo nkhani zanu zija. Pali munthu amawerenga mokweza. Inu n'kungokhala, kumamvetsera."

Bambowo anapotoza kamwa. "Buku ndi la maso, mwanawe. Za makutu ndi miseche."

Komabe foniyo anaiika m'thumba la jekete.

Mayi Telala anaona kuti kuwasiya okha pakhomo n'kusungitsa mkaka kwa mphaka, choncho Lolemba anawagwira dzanja n'kupita nawo ku shopu. Shopuyo inali chipinda chimodzi chopapatiza, pakati pa wometa tsitsi ndi sitolo ya utoto. Pafupi ndi zenera panali makina osokera opalasa ndi phazi. Pakati panali tebulo lodulira nsalu, lodzaza ndi choko, tepi, sizasi ndi timabotolo ta mabatani. Kumbuyo, pansi pa madiresi ndi masuti opachika, mlamu wawo, mchemwali wa bambowo, ankasita ndi kusokerera mabatani kwinaku pakamwa pakugwira ntchito kuposa manja. Anawaikira bambowo mpando pakona, pakati pa diresi laukwati ndi mulu wa mayunifolomu, ndipo anakhala pamenepo ndi magalasi akuda oteteza diso ngati woimba wotchuka amene wasowa gitala.

M'mawa wonse anangokhala ndwii. Atadya masana, kusungulumwa kunawagonjetsa. Anapapasa m'thumba, natulutsa foni.

"Mayi, tadinani apa. Ndingomva mmene akuwonongera."

M'kasipikamo munatuluka mawu a mwamuna, aakulu, ofatsa, osathamanga, ngati munthu amene wakhuta ndipo alibe kopita. Mayi Telala sanasamale. Anali ndi masiketi a sukulu oti amalize, ndipo makina akayamba kulira samva china. Anapalasa, napalasa, mpaka ulusi wapansi unatha. Ataima kuti asinthe bobini, mawu aja anadzaza chipinda.

Wowerengayo amanena za mkulu wina wolemera amene anapezeka atafa m'chipinda chake chowerengera. Chitseko chinali chokiya, kiyi ali mkati. Mazenera anali otseka. Patebulo panali makapu awiri a tiyi, onse akadali otentha.

Mayi Telala anagwira bobini m'manja osaiika.

"Nanga winayo watulukira pati?"

"Mvetserani," anatero amuna awo.

"Ayi, ndikufunsa. Makapu awiri, munthu mmodzi. Mnzakeyo walowa pansi?"

"Alamu, khalani chete timve!" anakuwa mlamu kumbuyo. Aka kanali koyamba m'mbiri ya shopuyo kuti mlamu apemphe munthu kukhala chete.

Tsiku limenelo masiketi sanathe.

Pofika kumapeto a sabata, ntchito inali itapeza dongosolo latsopano. M'mawa Mayi Telala ankapalasa makina ngati akuthamangitsidwa, kuti zaphokoso zonse zithe. Masana ankatenga zamanja: kupinda mipendero, kusokerera mabatani, kuphwasula zolakwika. Akatero ankadina foni, ndipo wowerenga uja ankayamba. Anali katswiri munthuyo. Akafika pa gogo wolemera ankaonda mawu mpaka kumveka ngati chitseko chosowa mafuta. Akafika pa wapolisi wa m'deralo ankayankhula ngati wachimfine. Tekitivi mwini wake, kamunthu konenepa koyenda ndi ambulera ngakhale dzuwa likuswa mtengo, koopa agalu koma kosaopa achiwembu, ankamupatsa mawu aulemu, ochedwa, moti akati "Pepani, kafunso kena kakang'ono," Mayi Telala ankamva tsitsi likuyenda.

"Munthu wa mawu otere sangakhale wopanda ndevu," anagamula mlamu tsiku lina, akulavulira chala n'kukhudza simbi. "Ndevu zambiri, zopesa bwino. Komanso ndi wamtali."

"Mwina ndi kamunthu kadazi," anatero bambowo.

"Achimwene, nsanje."

Kuyambira pamenepo wowerengayo anakhala a Ndevu. Ikakwana nthawi, mlamu ankati, "Aitaneni a Ndevu," ndipo ankakonza mpango wake kumutu ngati kukubwera mlendo.

Khoma la pakati pa shopu ndi wometa linali la matabwa. Tsiku lina, tekitivi atangonena kuti mmodzi mwa anthu a m'nyumbamo wanama, mlamu anatsitsa sipika mwangozi pofuna kuisuntha. Posakhalitsa wometa anatulukira pakhomo, chipeso m'manja.

"Amayi, kwezani pang'ono. Wanama ndani?"

Kumbuyo kwake kunabwera kasitomala, nsalu ili m'khosi, mutu wometa mbali imodzi.

"Ndi wophikayo," anatero kasitomalayo. "Ine ndamukayikira kuyambira pa khutu lakumanzere."

Kuyambira tsiku limenelo wometa anazolowera. Akakhala kuti alibe anthu ankabwera ndi kampando kake, ndipo akakhala nawo ankagogoda khoma kuti akweze.

Aliyense anali ndi kaganizidwe kake. Wometa ankakayikira wophika nthawi zonse, chifukwa, mwa mawu ake, munthu wokhala ndi mipeni tsiku lonse mtima wake umazolowera. Akamukumbutsa za malezala ake ankati zimenezo ndi zina. Mlamu ankakayikira mwamuna aliyense amene a Ndevu amufotokoza kuti ndi wooneka bwino. Mayi Telala ankasinthasintha. Ankayamba ndi uyu, kenako uyo, n'kumadzitsutsa okha pamene akuluma ulusi, ndipo anadabwa kuona kuti kusadziwako n'kokoma. Zaka zonsezi ankaganiza kuti amuna awo amawerenga za imfa. Tsopano anaona kuti imfayo ndi chitseko chabe. Nkhani yeniyeni inali ya anthu okhala m'nyumba imodzi, aliyense atabisa kanthu kake, wina ngongole ya mtima, wina chibwenzi, wina kungoti anadya keke ya mwini wake. Zimenezi Mayi Telala ankazidziwa. Anthu akamayezedwa m'chiuno amaulula zambiri.

Vuto linali limodzi, ndipo linkakhala pakona ndi magalasi akuda.

Bambowo mabuku onsewo anawawerenga kale. Poyamba ankangomwetulira. Kenako anayamba kutsokomola. Mayi Telala ndiwo anatulukira chinsinsi chake. Pa nkhani yachitatu, a Ndevu atangotchula mlembi wa malemuyo akulowa ndi maluwa, kukona kunamveka "khe-khem." Pamapeto wopalamula anali mlembi. Nkhani yotsatira, atangotulukira woyendetsa galimoto, "khe-khem." Anali woyendetsa galimoto.

"Bambo, chifuwa chanuchi n'chodabwitsa," anatero Mayi Telala akuika sizasi pansi. "Chimadziwa anthu oipa."

"Ndi fumbi la nsalu."

"Fumbi lake limasankha?"

"Achimwene, mwatidyera nkhani!" Mlamu anawaloza ndi simbi. "Ife tikuvutika kuganiza kuno, inu mukungoti khe-khem ngati tambala wodwala!"

Wometa anapereka maganizo oti akuluwo azikhala panja nkhani ikayamba, koma Mayi Telala anakana chifukwa cha fumbi la mumsewu. Anagwirizana zogula paketi ya maswiti a chifuwa. A Ndevu asanayambe, bambowo ankapatsidwa switi, ndipo lamulo linali loti likatha atenge lina. Osatsokomola, osaseka, osapukusa mutu. Bambowo anavomera monyinyirika, koma Mayi Telala ankaona kuti mumtima akusangalala. Munthu amene masabata apitawo ankakangana ndi wotchi tsopano ankadzuka m'mamawa, kupesa tsitsi, n'kumawafulumizitsa kuti achedwa ku shopu.

Kenako inafika nkhani yaitali kuposa zonse, ya hotela ya pamwamba pa phiri. Banja lina linasonkhana kumeneko kukondwerera tsiku lobadwa la agogo awo, eni hotelayo. Anaitana wojambula zithunzi, mnyamata wansangala wokonda kuseketsa ana. Panali dokotala wa banjalo, mdzukulu wokonda njuga, mkamwini wooneka bwino, wophika wokwiyakwiya, ndi tekitivi uja amene anangobwera kudzapuma. Mvula inagumula mlatho dokotala ali kutsidya, ena onse anatsekeredwa, ndipo m'mawa mwake agogo aja anapezeka atafa m'nyumba yagalasi yosungiramo maluwa.

Nkhaniyi inawagwira pakhosi sabata yathunthu. Wometa anaima pa wophika. Mlamu anaima pa mkamwini. Mayi Telala anazungulira onse n'kukhazikika pa mdzukulu wanjuga, ngakhale ankamumvera chisoni. Tsiku lina anasoka thumba la thalauza la kasitomala mbali zonse mpaka kukamwa, mwini wake n'kudzalephera kulowetsa dzanja. Bambowo ankangoyamwa switi, manja pamimba, nkhope yowala ngati munthu amene wakhala pa thumba la chuma.

"Ine ndikudziwa," ankatero nthawi yotseka. "Koma pakamwa panga mwatseka nokha."

Lachisanu masana anafika pamutu wotsiriza. Wometa anapachika chikwangwani choti watuluka. Mayi wina amene anabwera kudzatenga diresi lake anakhala pa mulu wa nsalu, chikwama pamwendo, n'kunena kuti sakufulumira. Tekitivi anasonkhanitsa anthu onse m'chipinda chodyera. Anatsamira ambulera yake. Anafotokoza za matope a pansapato, za nyali imene inayaka pakati pa mvula, za kiyi wa nyumba yamaluwa. A Ndevu anatsitsa mawu mpaka aliyense anasendera kufupi.

"Ndipo munthu amene anachita zimenezi," anatero tekitivi, "wakhala nafe patebulo lino masiku onsewa, akutipatsira mchere. Munthuyo ndi..."

Zii.

Anadikira. Singano ya Mayi Telala inaima m'mwamba. Kenako kasipika kanati tswii, ndipo a Ndevu anayambanso mwaulemu wawo wonse: "Mutu woyamba. Basi yopita kuphiri inanyamuka mochedwa."

"Mayo ine!" Mlamu anagwira mutu.

Anadina apa, anadina apo. Wometa, amene ankadziona kuti amadziwa za mafoni, anaitenga, anaizimitsa, anaiyatsa, anaipukuta pa malaya. Palibe chinasintha. Mbali yotsirizayo inali yoduka, inathera pomwepo. Mayi Telala anaimbira chitsiriza, koma foni yake inali yotseka. Anakumbuka kuti mwanayo ananena kuti ali ku maphunziro a kuntchito mpaka Lamlungu.

"Lamlungu?" anatero mayi wa diresi uja, amene anangomva mutu umodzi wokha. "Ine sindingafike Lamlungu."

Pamenepo mitu yonse inatembenukira kukona.

Bambowo anatulutsa switi m'kamwa pang'onopang'ono, nalikulunga m'kapepala kake. Anawongola jekete. Anapinda mwendo pa unzake.

"Kodi si paja ndinaletsedwa kuyankhula?"

"Achimwene, musatizunze."

"Tambala wodwala angathandize chiyani?"

"Akulu, takhululukani," anatero wometa. "Mwezi uno ndikumetani ndevu ndi thaulo lotentha."

Anawasiya apemphe mpaka anakhutira. Kenako anakonza pakhosi, ulendo uno mwalamulo, n'kunena kuti: "Ndi dokotala."

"Dokotala!" Onse anafuula pamodzi.

Bambowo anafotokoza bwino kwambiri. Dokotala ndiye ankadziwa mankhwala a agogo aja. Ndiye anayamba kugwira mtembo. Ndiye ananena nthawi imene anafera, ndipo ndani akanamutsutsa? Ankayankhula akuyendetsa dzanja m'mwamba ngati akujambula mapu, ndipo mlamu anayamba kugwedeza mutu kuvomereza.

Wometa anakanda chibwano. "Koma akulu, usiku umenewo dokotala sanali kutsidya kwa mlatho? Si paja anawoloka m'mawa ndi chingwe, tekitivi akuona?"

"Eya. Anawoloka kawiri."

"Mtsinje utadzaza?"

"Ankadziwa kusambira."

"Ndi mwendo wake wothyoka uja?" anafunsa mlamu.

"Mwendowo... unali wabodza."

Mayi Telala ankayang'ana dzanja la amuna awo. Linali litasiya kujambula mapu, ndipo linali kukoka khutu lakumanja. Anakhala ndi munthuyu zaka zokwanira kulera ana mpaka kuwakwatitsa, ndipo khutu limenelo ankalidziwa. Linkakokedwa bambowo akasochera njira koma osafuna kufunsa.

Mayiwo anaimirira, navula tepi m'khosi.

"Buku lake lilipo kunyumba?"

"Lilipo, koma palibe chifukwa. Ndakuuzani kale."

"Chikuto chake n'chotani?"

Bambowo anazengereza. "Chobiriwira. Pali ambulera. Shelefu yachiwiri."

Kunyumba sikunali kutali. Mayi Telala anayenda ngati asiya mphika pamoto, osaima ngakhale pamene mayi wa pasitolo ya utoto anawapatsa moni. Anapeza bukulo, lopepuka kuposa mmene ankaganizira, lonunkhira kabati. Pobwerera chiyeso chinawagwira pakona ya msewu. Chala chinalowa chokha kumasamba otsiriza. Anachichotsa, naika bukulo m'khwapa, nalipana zolimba mpaka kukafika.

"Awerenge ndani?" anafunsa mlamu. "Ine magalasi ndasiya kunyumba."

Wometa anati iye amawerenga bwino chamumtima, koma mokweza lilime limamangika. Mayi wa diresi anati iye ndi mlendo. Bambowo anatambasula dzanja, koma akazi awo analimenya pang'ono ndi bukulo.

"Inu ayi. Adokotala anakana."

Motero Mayi Telala anakhala pampando wa makina, nakankhira nsalu pambali, natsegula mutu wotsiriza. Anali asanawerengepo mokweza chikulireni ana. Mawu anatuluka owuma, othamanga, ngati mwana amene waimiritsidwa m'kalasi. Anapunthwa pa dzina la hotela, nabwereza, napunthwanso.

"Pang'onopang'ono, Mayi," anatero amuna awo mofatsa. "Palibe akukuthamangitsani. Pakakhala kadontho, pumani."

Anapuma. Anayambanso. Atafika pa mawu a wapolisi, mphuno inadzitseka yokha, ndipo wometa anaseka mpaka kugwetsa chipeso. Zimenezo zinawalimbitsa mtima. Mdzukulu anamupatsa mawu onjenjemera. Wophika anamupatsa mawu a kasitomala wina wovuta amene onse m'shopumo ankamudziwa, moti mlamu anabisa nkhope m'malaya amene ankasita. Pofika pa tekitivi, Mayi Telala anali atawongoka msana, akuchedwetsa mawu dala, akuwayang'ana anthuwo pamwamba pa buku.

"Wakhala nafe patebulo lino masiku onsewa, akutipatsira mchere. Munthuyo ndi..."

Anaona dzinalo. Maso anatong'oka. Anatseka pakamwa ndi dzanja.

"Alamu! Ndikuponyerani simbi!"

"Ndi wojambula zithunzi."

M'shopu munagwa bata loti ukanamva singano ikugwa, ndipo inagwadi, ya mlamu.

"Mnyamata wabwinobwino uja?" anatero mayi wa diresi. "Woseketsa ana?"

Mayi Telala anapitiriza kuwerenga. Zonse zinali poyera kuyambira pachiyambi. Wojambulayo yekha ndiye ankaloledwa kuyenda paliponse osafunsidwa. Nyali imene inayaka m'mvula inali ya kamera yake. Anali mwana wa munthu amene agogo aja anamulanda hotelayo kalekale. Pa mfundo iliyonse wometa ankamenya bondo n'kunena kuti, "Ndinaona, koma sindinaone!" Mlamu anati iye anali pafupi, chifukwa wojambulayonso anali wooneka bwino, kungoti a Ndevu sanatsindike.

Atatseka buku, Mayi Telala anayang'ana kukona. Amuna awo anali atazolika, manja pa mawondo. Mayiwo anada nkhawa. Mwina anawachititsa manyazi pagulu. Mwina bwenzi atangosiya dokotala apachikidwe, Lamlungu lidzaweruze lokha.

"Bambo?"

"Wojambula," anatero bambowo motsitsa. "Ndiye dokotala wosambira uja ndi wa buku liti?"

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Kenako kuseka kunaphulika, kuseka kwa m'mimba kumene Mayi Telala anali asanakumve chiyambire vuto la maso. Anaseka mpaka misozi inatsika pansi pa magalasi akuda, ndipo akazi awo anathamanga kukawagwira dzanja kuti asatikite diso.

"Mayi, mukudziwa tanthauzo lake? Ndaiwala! Sabata yonseyi ndakhala pano ngati mfumu, ndikusunga chinsinsi cha buku lina!"

"Ndiye mukusangalala?"

"Osasangalala bwanji? Pamene munati wojambula, mtima wanga unadumpha ngati ndili mnyamata. Zaka zingati ndisanamve zimenezo? Ngati ndaiwala ili, ndaiwalanso ena. Shelefu yonse ija mwina theka ndi yatsopano!"

"Ukalamba uli ndi phindu lake," anatero mlamu. "Posachedwa mudzaiwalanso kuti munakwatira, mudzawafunsirenso alamuwa."

"Adzandikana. Aona kuti sindidziwa kanthu."

"Ndidzaganizira," anatero Mayi Telala, akubweza tepi m'khosi kuti abise kumwetulira.

Lamlungu chitsiriza anabwera, napepesa, nakonza foni. Lolemba anamvetsera mutu womwewo kwa a Ndevu, kuti aone ngati pali chimene anaphonya. Utatha, wometa anati a Ndevu ndi katswiri, palibe wotsutsa, koma wophika wa amayi anali wokoma kuposa. Mlamu anati asawanyoze a Ndevu pamaso pake. Anagwirizana kuti a Ndevu aziwerenga nkhani yonse, koma ikafika poti tekitivi wasonkhanitsa anthu, foni izizimitsidwa, aliyense anene munthu wake poyera, kenako Mayi Telala amalize ndi buku. Bambowo anapempha kuti nawonso aziloledwa kunena wawo. Anawalola, ndipo pa nkhani yotsatira analakwitsanso, mokweza kuposa onse.

Diso linapola. Tsiku lokatenga magalasi atsopano, bambowo anatuluka m'chipatala akuwerenga chilichonse chimene chinali panjira: zikwangwani, manambala a galimoto, mitengo ya utoto pazenera la sitolo. Atalowa m'shopu anaima pakhomo, nayang'ana uku ndi uku.

"Kani muno ndi mosokonekera chonchi?"

"Mwayamba," anatero mlamu. "Bwererani kuchipatala akakubwezereni ng'ala yanu."

Mayi Telala ankaganiza kuti mawa lake bambowo atsala kunyumba ndi shelefu yawo. M'mawa anakonza tiyi, naika buku pambali pa kapu, natenga chikwama. Atafika pachitseko anapeza amuna awo atavala kale jekete.

"Mukupita kuti? Maso muli nawo tsopano."

"Kunyumba kuno ndikalakwitsa, anditsutsa ndani?"

Masana a tsiku limenelo Mayi Telala anali kulimbana ndi singano yaing'ono, ulusi wakuda ukukana kulowa. Ananyowetsa nsonga, nayesa, naphonya. Anatalikitsa dzanja, nayesanso. Amuna awo anasendeza mpando, natenga singanoyo, ndipo ulusi unalowa kamodzi n'kamodzi.

"Hii!" anatero mlamu. "Achimwene apeza ntchito."

Anawapatsa kansalu kobayapo masingano ndi bokosi la ulusi. Bambowo anayala mitundu yonse pa bondo, woyera, wakuda, wofiira, n'kuyamba kulowetsa umodzi umodzi mosamala ngati akuyeza malire a munda. Khoma linagogodedwa. Mayi Telala anadina foni, ndipo a Ndevu anayamba nkhani ya sitima imene inafika pa siteshoni ikusowa munthu mmodzi.

Sipanapite nthawi, bambowo anaweramira kwa akazi awo n'kunong'ona: "Ndi wogulitsa matikiti."

"Mukukumbuka kapena mukuganiza?"

"Ndikuganiza."

"Ndiye si iyeyo," anatero Mayi Telala. "Ndipatseni wofiira."